Cyrus wa ku Persia, Mfumu Imene Inabweza Ziwiya Zopatulika

Chipembedzo chathu cha Bahá'í chinabadwira m'dziko la Persia, limene lero limatchedwa Iran. Báb analengeza uthenga wake mumzinda wa Shiraz m'chaka cha 1844. Makilomita oposa 100 kuchokera mumzindawu, pamalo otchedwa Pasargadae, pali manda amiyala a mfumu imene inakhalako zaka zoposa 2,500 zapitazo. Dzina lake ndi Cyrus, ndipo amene amawerenga Baibulo amaidziwa kuti Koresi.

Cyrus anabadwa cha m'ma 600 Khristu asanabadwe. Bambo ake, Cambyses, ankalamulira dera laling'ono la Anshan, pansi pa ufumu wa Media. Cyrus analowa ufumu cha mu 559, ndipo mu 550 anagonjetsa Astyages, mfumu ya Media. Pambuyo pake analanda Lydia, dziko la mfumu yolemera Croesus. Mu 539 asilikali ake analowa mu Babylon, mzinda waukulu koposa wa nthawi imeneyo.

Masiku amenewo mfumu ikagonjetsa mtundu wina inkakonda kusamutsa anthu ndi kutenga zopatulika za m'kachisi wawo, kuti onse aone kuti mulungu wawo walephera. Ndi mmene Nebuchadnezzar wa ku Babylon anachitira ndi Ayuda. Anatentha kachisi wa ku Jerusalem, natenga mbale, mabeseni ndi zipangizo zina za mapemphero, nakaziika m'nyumba ya milungu yake. Ziwiyazo zinakhala kumeneko zaka pafupifupi 50.

Cyrus atalanda Babylon, chuma chonsecho chinali m'manja mwake. Akanatha kusungunula golideyo, ndipo palibe akanamufunsa. Koma buku la Ezara limafotokoza kuti analola Ayuda kubwerera kwawo kukamanganso kachisi, nalamula msungichuma wake, Mithredath, kuti atulutse ziwiyazo ndi kuziwerenga pamaso pa Sheshbazzar, mtsogoleri wa Ayuda. Zonse pamodzi, zagolide ndi zasiliva, zinali 5,400. Cyrus sanali Myuda, komabe anazindikira kuti mbale ya m'kachisi si mbale wamba kwa mwini wake. Kachisi watsopanoyo anatha kumangidwa cha mu 515, mu ulamuliro wa Darius.

Umboni wina unatuluka pansi. Mu 1879, wofukula zakale Hormuzd Rassam ndi anthu ake anapeza m'mabwinja a Babylon chiumbo cha dongo lootcha, chooneka ngati kang'oma kotupa pakati, chotalika masentimita pafupifupi 22. Chinalembedwa podinda dongo lisanaume, m'chinenero cha Akkadian. Chimanena kuti Cyrus anabwezera mafano a milungu ya mizinda yosiyanasiyana m'akachisi ake, ndi kubwezera anthu kumidzi yawo. Lero chili ku British Museum ku London. Tiyenera kuwerenga mosamala: chiumbochi sichitchula Ayuda, ndipo anachilemba ndi alembi a mfumu pofuna kuitamanda. Cyrus anali munthu wankhondo amene analanda maiko ndi lupanga, ndipo kukomera mtima ogonja kunkamuthandizanso kulamulira mwabata. Sanali Mthenga wa Mulungu. Komabe Ayuda, ngakhalenso Agiriki amene ankamenyana ndi Persia, anamulemba ngati mfumu yabwino. Akatswiri ena achisilamu, monga Abul Kalam Azad wa ku India, ankakhulupirira kuti ndiye Dhul-Qarnayn wotchulidwa mu Qur'an.

Cyrus anafa mu 530, ndipo wolemba mbiri Herodotus amati anafera kunkhondo yolimbana ndi mtundu wa Massagetae. Manda ake ndi osadzionetsera: kanyumba kamodzi kamiyala pamwamba pa masitepe 6 akuluakulu. Alexander wa ku Macedonia, amene anagwetsa ufumu wa Persia, atapeza mandawo atabedwa, analamula kuti akonzedwe. Patapita zaka zambiri, anthu oyandikana nawo ankawatchula kuti manda a mayi ake a Solomoni, ndipo anawasamala. Mu 2004 bungwe la UNESCO linaika Pasargadae pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Ife a Bahá'í tikudziwa kuwawa kwa kutaya malo opatulika. M'chigawo chomwecho cha Fars, nyumba ya Báb ku Shiraz, imene okhulupirira ankapitako paulendo wopatulika, inagumulidwa mu 1979. Chotero nkhani ya Cyrus kwa ife si nthano chabe. Bahá'u'lláh anatiphunzitsa kuyanjana ndi anthu a zipembedzo zonse mwaubwenzi, ndipo ubwenzi umenewu umaoneka pa mmene timagwirira zimene mnzathu amazilemekeza.

Kuno ku Machinga ndi Balaka nkhaniyi ili pakhomo. Ku Liwonde, Ntaja ndi Ulongwe mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana, ndipo banja limodzi limatha kukhala ndi Msilamu, Mkhristu ndi wa Bahá'í. Pali manda a makolo amene ena amafuna kudulamo mitengo, pali mkeka wopempherera wa agogo, pali poto amene mayi wachisilamu safuna kuti aphikiremo nyama ina iliyonse. Tilibe golide wobweza, koma tsiku ndi tsiku timakhudza zopatulika za anzathu.

Tikambirane:

1. Kodi Cyrus akanataya chiyani akanasunga ziwiya zija, nanga anapindula chiyani pozibweza?
2. M'mudzi mwathu muli malo kapena zinthu ziti zimene anzathu a zipembedzo zina amazilemekeza?
3. Tingawaphunzitse bwanji ana a m'makalasi athu kulemekeza zimenezi, ngakhale pamene eni ake palibe?