Thomas More, Nduna Imene Inalota Dziko Lopanda Umphawi

Thomas More anabadwira mu mzinda wa London, ku England, m'caka ca 1478. Atate ake anali loya, ndipo nayenso anaphunzira zamalamulo. Anali munthu wa mapemphero ndi nthabwala, ndipo ana ake aakazi anawaphunzitsa Cilatini ndi Cigiriki, zimene zinali zosowa masiku amenewo.

Pa nthawiyo anthu olemera anali kucotsa alimi ang'onoang'ono m'minda ndi kumanga mipanda yowetera nkhosa, cifukwa ubweya unali ndi msika wabwino. Alimi othamangitsidwa anasanduka opemphapempha, ndipo amene anaba cifukwa ca njala ananyongedwa.

Zimenezi zinamuwawa More. M'caka ca 1516 anatulutsa buku lochedwa Utopia, dzina lotanthauza malo amene kulibe. M'bukumo anafotokoza cisumbu cimene nthaka ndi ya onse, aliyense aphunzira ulimi, nchito igwiridwa maola 6 pa tsiku, ndipo golide alibe ulemu.

Wina angafunse: nanga dziko la m'maloto lithandiza ciani? Inu alimi mudziwa kuti wofuna mizere yowongoka ayamba wakoka cingwe. Cingwe sicibala cimanga, koma ndico cionetsa pamene mzere wakhota. Utopia inali cingwe coyesera ulamuliro wa England.

Komabe tisabise. Pa cisumbu cija panali akapolo. Ndiponso pamene More anali nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII, kuyambira 1529 mpaka 1532, analimbana mwankhanza ndi otsutsa ciphunzitso ca Eklezia, ndipo ena anatenthedwa. Wolota zabwino nayenso amalakwa akagwira mphamvu.

Mfumu itafuna kuthetsa ukwati wake ndi Catherine ndi kudziika mutu wa Eklezia ku England, More anatula pansi udindo. M'caka ca 1534 anakana kulumbira ndipo anatsekeredwa m'ndende ya Tower of London. Banja lake linamudandaulira kuti agonje, iye anakana. Anamudula mutu pa 6 July 1535.

Papa Pius XI anamuika m'gulu la oyera mu 1935, ndipo mu 2000 Papa John Paul II anamusankha kukhala nkhoswe ya atsogoleri andale. Timukumbukira pa 22 June. Tsikulo tiyeni tipempherere atsogoleri athu, kuti poweruza za nthaka aziyamba aganizira mlimi wa khasu limodzi.