J. Desmond Clark, Munthu Amene Adafukula Mbiri ya Akafula

Ana a ku Nambuma, ku Kabudula ndi ku Nsaru amakula akumva za Akafula, anthu aafupi msinkhu amene makolo a Achewa adawapeza m'dziko muno. Akuti munthu akakumana nawo ankafunsidwa pamene wawaonera, ndipo wochenjera ankayankha kuti wawaonera patali. Ambiri ankayesa kuti imeneyi ndi nthano chabe yocheza nayo pamoto. Mmodzi mwa akatswiri amene adasonyeza kuti alenje akalewo adakhalakodi, nasiya zida ndi mafupa awo, adali John Desmond Clark.

Clark adabadwira ku London pa 10 April 1916, ndipo adaphunzira ku Cambridge. Ali ndi zaka 21 zokha adapatsidwa udindo woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Livingstone, m'dziko limene tsopano ndi Zambia. Adagwira ntchitoyo kufikira 1961, kupatula zaka za Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse pamene adali ku Ethiopia ndi ku Somaliland. Mkazi wake, Betty, ndiye ankajambula zida zamiyala zimene timaona m'mabuku ake. Dzina lake lidamveka kwambiri chifukwa cha mathithi a Kalambo, kumene mu 1953 adapeza malo amene anthu adakhalapo zaka zikwi mazanamazana zapitazo. Pambuyo pake adakaphunzitsa ku Berkeley, ku America.

Ku Malaŵi kuno adabwerako kangapo. Mu 1950 iye ndi W.H.J. Rangeley adafukula mafupa a anthu aŵiri pa phiri la Hora ku Mzimba. Mu 1965 ndi 1966 adakumba kwa Mwanganda ku Karonga, napeza mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala. Iye adaganiza kuti alenje adasendera njovuyo pomwepo, koma ofufuza a masiku ano adatsutsa maganizo ameneŵa.

Ntchito yake yoyandikira kwathu kuno idachitika mu 1972 pa phanga la Mwana wa Chencherere, kumpoto kwa boma la Dedza. Ku Ulaya zojambula zakale zimapezeka m'mapanga aatali a miyala ya laimu, monga Altamira ku Spain ndi Lascaux ku France, mmene munthu saloŵamo popanda nyali. Mapanga a ku Dedza ndi osiyana: ndi matanthwe oŵerama ngati khonde, ndipo zojambula zake zimaoneka ndi dzuŵa. Zilipo za mitundu iŵiri. Zofiira, zamizere ndi zozungulira, nzakale kwambiri, ndipo akatswiri amati nza Akafula. Zoyera zidajambulidwa ndi Achewa, zina pa chinamwali cha atsikana, zina ndi amuna a Nyau.

Khoma lojambulidwa limakopa maso, koma silinena zaka zake kapena zimene ojambulawo ankadya. Nchifukwa chake Clark adatembenukira pansi, padothi limene alendo ambiri amangopondapo. Adakumba pang'onopang'ono, nasefa dothi, nalemba kuya kwa kanthu kalikonse, pakuti chimene chili pansi chidatayidwa kale kuposa chimene chili pamwamba. Mudatuluka timiyala takuthwa ta nsangalabwi, mafupa a nyama zam'tchire ndi mafupa a anthu. Chapamwamba mudapezekanso mapale a mbiya. Diana Crader, amene adapenda mafupa a nyamazo, adasonyeza kuti alenjewo adapitiriza kusaka ngakhale alimi odziŵa chitsulo atafika kale. Ndiye kuti magulu aŵiriŵa adakhala moyandikana nthaŵi yaitali, monga momwe nthano za agogo zimanenera. Apa mphunzitsi wa mbiri yakale ayenera kusamala, asamayambe phunziro ndi kufika kwa Amaravi ngati kuti dziko lidali lopanda anthu.

Zimene adapezazo adazifalitsa mu 1973 m'magazini ya Society of Malawi. Adapitiriza kufufuza ku Ethiopia mpaka ukalamba, ndipo adamwalira pa 14 February 2002 ku Oakland, ku California. Sadaone chaka cha 2006, pamene bungwe la UNESCO lidaika dera la Chongoni, lokhala ndi malo ojambulidwa 127, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Chomvetsa chisoni nchakuti pa makoma ena pali maina olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambulazo, ndipo olemba maina ndi anthu amene adapita kusukulu.

Mafupa a ku Hora ndi ku Chencherere adasungidwa bwino, kotero kuti mu 2017 akatswiri adatha kupimamo DNA. Adapeza kuti munthu mmodzi wa ku Hora adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 8,000 zapitazo. Adapezanso kuti mwa Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni amene adapimidwa, magazi a alenje akalewo sadaonekemo.