Moyo wa Yohane Bosco Woyera, Tate ndi Mphunzitsi wa Achinyamata

Pa 31 Januwale chaka chilichonse Mpingo umakumbukira Yohane Bosco Woyera, wansembe wa ku Italy amene ambirife timamudziwa ndi dzina loti Don Bosco. Kuno ku Lilongwe dzinali si lachilendo, pakuti ku Area 23 kuli parishi ndi sukulu ya ntchito zamanja zodziwika ndi dzina lomweli. Tikulemba mbiri yake tili ndi maganizo pa ana a ku Kauma ndi a m'madera ena monga Mgona ndi Chinsapo, chifukwa mzinda wa Turin umene iye adatumikiramo udali ndi mavuto ofanana ndi athu: anyamata othawa umphawi kumudzi kudzafuna ganyu m'tauni, ogona m'makonde, ogwiritsidwa ntchito popanda pangano, ndi ena olowa ndende asadamere ndevu.

Ubwana wake

Giovanni Melchiorre Bosco adabadwa pa 16 Ogasiti 1815 ku Becchi, kamudzi ka alimi pafupi ndi Castelnuovo d'Asti, m'chigawo cha Piedmont kumpoto kwa Italy. Bambo ake, a Francesco, adamwalira ndi chibayo mu Meyi 1817, mwanayo asadakwanitse zaka ziwiri. Chidali chaka cha njala. Mayi ake, a Margherita Occhiena, adatsala ndi anyamata atatu pamodzi ndi apongozi awo okalamba. Mayiwa sadapite kusukulu, koma katekisimu adali naye pamtima ndipo ndiwo adali mphunzitsi woyamba wa ana awo.

Ali ndi zaka 9, Giovanni adalota maloto amene sadawaiwale moyo wake wonse. Adaona gulu la anyamata akumenyana ndi kutukwana, iye nkuwalowerera ndi nkhonya kuti awaletse. Pomwepo adauzidwa kuti anyamata otere adzawakopa ndi kufatsa ndi chikondi, osati ndi zibakera, ndipo adaona zilombo zolusa zikusanduka anaankhosa. Kuyambira masiku amenewo ankasonkhanitsa anzake powaonetsa masewera oyenda pa chingwe ndi ena amene adaphunzira kwa akatswiri a m'misika, ndipo asadayambe ankawafotokozera ulaliki umene adamva kutchalitchi.

Panyumba padalibe mtendere. Mkulu wake Antonio, mwana wa mkazi woyamba wa a Francesco, ankati sukulu ndi kutaya nthawi pamene munda ukufuna manja. Mkangano utakula, Giovanni adachoka pakhomo ali ndi zaka pafupifupi 12 nakalembedwa ntchito yoweta ng'ombe ndi kulima pa famu ya banja la Moglia. Pambuyo pake wansembe wina wokalamba, Bambo Giovanni Calosso, adayamba kumuphunzitsa Chilatini, koma adamwalira mwadzidzidzi mu Novembala 1830. Mu 1831 mnyamatayo adapita kusukulu ku Chieri, kumene ankadzilipirira yekha pogwira maganyu. M'zaka zimenezi adaphunzira kusoka zovala, kusula zitsulo ndi kupala matabwa, ndipo nthawi ina ankagwira ntchito m'nyumba yogulitsiramo khofi, usiku nkumagona m'kachipinda kopanikizika kunsi kwa masitepe. Adalowa seminale mu 1835, ndipo adadzozedwa unsembe ku Turin pa 5 Juni 1841. Choncho pamene adayamba kutumikira ana amasiye ndi ana aganyu, ankadziwa moyo wawo chifukwa adaulawa yekha.

Zimene adaona kundende

Pa nthawiyo Turin udali mzinda wokula mofulumira, wa anthu oposa 100,000. Anyamata ankatsika kuchokera kumidzi ya kumapiri kudzasenza njerwa ndi matope kwa amisiri omanga, ena kudzasesa mwaye m'machumuni. Pa msika wa Porta Palazzo ankaima m'magulu kudikira wowalemba ganyu. Bambo Giuseppe Cafasso, amene ankaphunzitsa ansembe achinyamata, adatenga Don Bosco kukayendera ndende za mumzindawo. Kumeneko adapeza anyamata a zaka 12 mpaka 18, athanzi ndi anzeru, atangokhala osachita kanthu, nsabwe zili thoo, chakudya chili chochepa. Chimene chidamupweteka koposa nchakuti ambiri ankatuluka ndi mtima wofuna kusintha, koma posakhalitsa ankabwereranso chifukwa kunja kudalibe wowalandira. Apa ndi pamene adatsimikiza za ntchito ya moyo wake: kumupeza mwana ndende isadamupeze.

Monga iye mwini adalembera, ntchitoyi idayamba pa 8 Disembala 1841 m'tchalitchi cha Francis Woyera wa ku Assisi. Wosamalira tchalitchi ankathamangitsa ndi ndodo mnyamata wina chifukwa sankadziwa kutumikira pa Misa. Don Bosco adamuitanitsa mnyamatayo, Bartolomeo Garelli, mwana wamasiye wa zaka 16 wogwira ntchito kwa omanga nyumba, ndipo adayamba kumuphunzitsa tsiku lomwelo. Lamulungu lotsatira adabwera ndi anzake. Umu ndi mmene idabadwira Oratorio, msonkhano wa masiku a Lamulungu wa masewera, mapemphero ndi maphunziro, umene pambuyo pake adauika m'manja mwa Francis de Sales Woyera, episkopi wodziwika ndi kufatsa.

Kwa zaka zingapo gululi lidalibe malo akeake. Kulikonse kumene linkapita anthu ankadandaula za phokoso. Mkulu woyang'anira mzinda, Michele di Cavour, ankaopa kuti anyamata mazanamazana osonkhana pamodzi angadzayambitse chipolowe, ndipo adatumiza apolisi kuti aziwazonda. Mayi wina wolemera, Giulia di Barolo, amene adalemba Don Bosco ntchito pa nyumba zake zosamalira atsikana, adamuuza kuti asankhe pakati pa ntchito yamalipiroyo ndi anyamata ake. Iye adasankha anyamata. Pa Pasaka, pa 12 Epulo 1846, adalowa m'chisakasa chimene adachita lendi kwa Pinardi ku Valdocco, dera la anthu osauka kumphepete kwa mzinda. Chaka chomwecho adadwala mpaka kutsala pang'ono kufa. Atachira, mayi ake adasiya mudzi ndi zidzukulu mu Novembala 1846 nadzakhala naye ku Valdocco, kumene adakhala mayi wa ana onse.

Kulandira ana ogona sikudayambe bwino. Anyamata oyamba amene adawapatsa malo adathawa m'bandakucha atanyamula mabulangete. Koma mu Meyi 1847, usiku wa mvula, mnyamata wina wamasiye wa ku Valsesia adagogoda pakhomo atanyowa chonyowa. Mayi Margherita adamudyetsa, adamuyalira pafupi ndi moto, namulangiza mawu ochepa asadagone. Ameneyu sadathawe, ndipo ena ambiri adamutsatira.

Pangano lolembedwa

Don Bosco sadakhutire ndi kuona anyamata Lamulungu lokha. M'kati mwa sabata ankawayendera kumene ankagwira ntchito, kucheza ndi mabwana awo ndi kuona mmene akuwasungira. Adatsegula sukulu ya madzulo yophunzitsa kuwerenga ndi masamu. Boma litalamula kuti anthu ayambe kuyeza zinthu pa mita ndi kilogalamu, adalemba kabuku kofotokoza miyeso yatsopanoyo kuti osauka asamaberedwe pamsika. Mu 1850 adayambitsa bungwe lothandizana, mmene anyamata ogwira ntchito ankasonkha kangachepe kuti mnzawo akadwala kapena ntchito ikamuthera apeze thandizo.

Chachikulu pa zonsezi chidali mapangano olembedwa pakati pa mmisiri ndi mnyamata wophunzira ntchito. Mapepala ena a 1851 ndi 1852 akusungidwabe mpaka lero. Limodzi, la pa 8 Febuluwale 1852, ndi la mnyamata Giuseppe Odasso ndi kalipentala Giuseppe Bertolino. M'mapanganowa mmisiri ankalonjeza kuphunzitsa mnyamata luso lenilenilo, osamutuma ntchito zina zosakhudzana ndi lusolo; kumudzudzula ndi pakamwa, osati ndi ndodo; kusamala thanzi lake; kumupatsa mpumulo masiku a Lamulungu ndi a zikondwerero; ndiponso kumukwezera malipiro pamene luso likukula. Mnyamata naye ankalonjeza kumvera ndi kulimbikira. Mmisiri, mnyamata, kholo kapena womuimira, ndi Don Bosco, onse ankasaina. Izi zinkachitika pa nthawi imene mwana waganyu adalibe lamulo lenileni lomuteteza.

Ataona kuti amisiri ena saasunga mapangano, adatsegula malo ophunzitsira ntchito ku Valdocco komweko: kusoka nsapato ndi zovala mu 1853, kumata mabuku mu 1854, ukalipentala mu 1856, ndipo kenaka kusindikiza mabuku ndi kusula zitsulo. Mphunzitsi woyamba wa nsapato adali iye mwini.

Mu 1854 mliri wa kolera udagwa mu Turin, ndipo udavuta kwambiri m'madera a osauka. Anthu ankathawa odwala awo. Don Bosco adapempha anyamata ake akuluakulu kuti adzipereke, ndipo oposa 40 adapita kukasamalira odwala m'nyumba ndi m'zipatala zapadera. Mayi Margherita adapereka nsalu zonse za m'nyumba, ngakhale za paguwa. Anyamata amene mzinda unkawayesa mbava adasanduka anamwino ake. Ife amene tidaona kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno nachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre, tikudziwa kulemera kwa ntchito imeneyi. Mayi Margherita adamwalira pa 25 Novembala 1856.

Njira yake yolerera

Kaleredwe kake adakafotokoza mwachidule m'kabuku ka 1877. Adati pali njira ziwiri: ina ndi yolengeza malamulo, kudikira kuti mwana alakwe, kenaka kumulanga, ina ndi yokhala pafupi ndi mwana kotero kuti mpata wolakwa uchepe. Iye adasankha yachiwiriyi, naimanga pa nsanamira zitatu: kufotokoza zifukwa za lamulo lililonse, chipembedzo, ndi chikondi chooneka. Adaletsa kumenya ana ndi kuwachititsa manyazi pagulu. Ankafuna kuti mphunzitsi apezeke pabwalo la masewera, osangoti m'kalasi. M'kalata imene adalemba ali ku Rome mu 1884 adakumbutsa anzake kuti kukonda ana sikukwanira ngati anawo sakuzindikira kuti akukondedwa. Makolo athu adanena zomwezi mwa njira yawo, kuti kuongola mtengo mpoyamba.

Kuti ntchito isafe naye, pa 18 Disembala 1859 adayambitsa chipani cha Asalesiani pamodzi ndi anzake 17, ambiri mwa iwo anyamata amene adawalera yekha. Mmodzi wa iwo, Michele Rua, ndiye adadzalowa m'malo mwake. Mu 1872, mothandizana ndi Maria Domenica Mazzarello, adayambitsa chipani cha asisiteri ku Mornese kuti atsikana nawo athandizidwe. Mu 1875 adatumiza amishonale oyamba ku Argentina, ndipo mu 1876 adakhazikitsa gulu la akhristu eniake othandiza ntchitoyi. Mavuto sadathe: ngongole zidali zosatha, ndipo kwa zaka zambiri sankamvana ndi Arkiepiskopi wake, Ambuye Lorenzo Gastaldi. Adamwalira ku Valdocco pa 31 Januwale 1888 ali ndi zaka 72, atasiya Asalesiani oposa 700. Papa Pius XI adamutchula Woyera pa Pasaka, pa 1 Epulo 1934.

Uthenga wake kwa ife

Asalesiani adafika ku Malawi m'zaka za m'ma 1990, ndipo akutumikira ku Lilongwe ndi ku Nkhotakota. Koma kalembera wa 2018 adaonetsa kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, ndipo palibe chipani chimodzi chimene chingawafikire onse. Ku Kauma, kumene kwayandikana ndi madera a anthu opeza bwino monga Area 12, makolo ambiri amalawira m'mamawa kukagwira ntchito za ulonda, za m'nyumba kapena kukagulitsa malonda, ndipo ana amatsala okha tsiku lonse. Ena amasiya sukulu nkuyamba kunyamula katundu pamsika, ena amakaphunzira kuwotcherera zitsulo kapena kukonza galimoto kwa amisiri, atsikana nkulembedwa ntchito yolera ana anzawo.

Malamulo tili nawo amene Don Bosco adalibe. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limafuna kuti mwana wolakwa athandizidwe kusintha, osati kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana. Palinso nambala yaulere ya 116 yonenerako nkhanza zochitira ana. Chimene chikusowa nthawi zambiri ndi munthu wamkulu womudziwa mwanayo dzina, wopita kukaona kumene amagwira ntchito ndi kumene amagona.

Apa miphakati yathu ingathe kuchita zambiri popanda kudikira thandizo lochokera kunja. Mphakati ungalembe mayina a ana a m'dera lake amene asiya sukulu ndi kuyendera makolo awo. Ungaperekeze mnyamata kwa mmisiri ndi kulemba pangano la nthawi yophunzira, malipiro ndi tsiku lopuma, mfumu kapena mkulu wa mpingo nkuchitira umboni. Ungalandire mwana wotuluka m'manja mwa apolisi ndi kumulumikiza ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Ndipo ife amene tili ndi mtsikana wantchito m'nyumba mwathu tiyenera kudzifunsa kuti ali ndi zaka zingati, amalandira zingati, ndipo sukulu adaisiyira pati. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Yohane Bosco Woyera, mupempherere ana athu ndi onse owalera.