George Somers ndi Zilumba za Bermuda

Pakati pa nyanja yaikulu ya Atlantic pali tizilumba ting'onoting'ono totchedwa Bermuda. Tizilumbati tili patokha, pakuti kuchokera pamenepo kukafika ku gombe la America pali mtunda wa makilomita oposa 1,000. Lero kumeneko kuli mizinda, masukulu ndi madoko, koma kale kunalibe mudzi ndi umodzi womwe. Chiyambi cha midzi ya kumeneko chidadza ndi ngozi ya chombo, ndipo munthu amene adapulumutsa anthu pa ngoziyo anali George Somers.

George Somers adabadwa m'chaka cha 1554 ku Lyme Regis, kamzinda ka m'mbali mwa nyanja m'dziko la England. Popeza adakulira padoko, adazoloŵera zombo akali mwana, ndipo atakula adasankha ntchito ya pamadzi. Masiku amenewo dziko la England linali pa nkhondo ndi dziko la Spain. Somers adamenya nawo nkhondoyo, ndipo m'chaka cha 1595 adapita ndi zombo zimene zidakathira nkhondo mizinda ya anthu a ku Spain ku South America. Pambuyo pake adayendetsako zombo zankhondo za boma. M'chaka cha 1603 Mfumu James idamlemekeza pompatsa dzina laulemu lakuti Sir, ndipo anthu akwawo adamsankha kuti akaŵaimire ku nyumba ya malamulo.

Nthaŵi imeneyo Angerezi anali kufuna malo okhala ku America. Kampani yotchedwa Virginia Company idatumiza anthu amene m'chaka cha 1607 adakamanga mudzi wa Jamestown m'dziko la Virginia. Mudziwo sunayende bwino chifukwa cha matenda ndi njala. Tsono kampaniyo idakonza zombo zisanu ndi zinayi zoti zitenge chakudya pamodzi ndi anthu ena oposa 500. Somers, amene tsopano anali ndi zaka 55, adaikidwa kukhala mkulu wa zombo zonsezo. Iye adakwera chombo chachikulu chotchedwa Sea Venture. M'chombomo munalinso Sir Thomas Gates, amene ankapita kukakhala bwanamkubwa wa Virginia, ndi Christopher Newport, kapitao wa chombocho.

Zombozo zidanyamuka padoko la Plymouth pa 2 Juni 1609. Kwa masabata asanu ndi aŵiri ulendo udayenda bwino, koma chakumapeto kwa mwezi wa Julaye kudauka namondwe woopsa. Kunja kudada bii, mafunde adakula ngati mapiri, ndipo zombo zija zidabalalika. Sea Venture chinali chombo chatsopano, ndipo zomatira za m'mipata ya matabwa ake zinali zisanalimbe. Mafunde atachimenya, mipatayo idatseguka, madzi nkuyamba kuloŵa.

Gates adagaŵa amuna onse m'magulu atatu kuti azipopa ndi kukapa madziwo. Munthu aliyense ankagwira ntchito ora limodzi, nkupumula ora limodzi. Panalibe kusiyanitsa bwana ndi wantchito, pakuti onse anali pakamwa pa imfa. Adataya m'nyanja katundu wambiri, migolo ndi mfuti zazikulu kuti chombo chipepuke, komabe madzi sanaleke kukwera. Masiku onsewo Somers adakhala pamwamba kumbuyo kwa chombo, akuyang'ana mafunde ndi kulangiza woongolera. Sankadya mokwanira ndipo tulo sankatiwona.

Pa 28 Julaye anthu anali atalefuka kotheratu, ndipo ambiri adangogona pansi kudikira kumira. M'maŵa umenewo Somers adawona mtunda. Adadziŵa kuti chombo sichikadatha kuima pa nangula popanda kumira, choncho adalamula kuti achilunjikitse kumtundako. Chombocho chidakakanirira pakati pa matanthwe aŵiri, ndipo chidaima chilili osagubuduzika. Pogwiritsa ntchito mabwato ang'onoang'ono, anthu onse okwana 150 adafika kumtunda ali moyo, pamodzi ndi galu mmodzi.

Amalinyero atazindikira kuti ali ku Bermuda adachita mantha. Zilumbazi zidatenga dzina kwa Juan de Bermúdez, mlinyero wa ku Spain amene adaziwona zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo. Oyenda panyanja ankazipeŵa chifukwa cha matanthwe obisika amene adaswapo zombo zambiri. Usiku kunkamvekanso kulira kwachilendo, motero anthu ankakhulupirira kuti kumeneko kumakhala ziŵanda. Koma opulumuka aja adapeza kuti olirawo sanali ziŵanda ayi. Zinali mbalame za m'nyanja zotchedwa cahow, zimene zimaikira mazira m'mauna ndi kutuluka usiku.

Ntchito yoyamba inali kupeza madzi, chakudya ndi pogona. Ku Bermuda kulibe mitsinje, choncho ankakumba zitsime zosazama ndi kudalira madzi a mvula. Somers adayamba yekha kuŵedza, ndipo m'kanthaŵi kochepa adapha nsomba zokwanira gulu lonse. M'tchire munali nkhumba zambiri, zidzukulu za nkhumba zimene amalinyero akale adazisiya kumeneko. Galu uja adathandiza pozisaka, ndipo zina adazigwira zamoyo nkuzimangira makola. Ankadyanso akamba akuluakulu a m'nyanja, mbalame ndi mazira ake. Mchere ankaupeza poŵiritsa madzi a m'nyanja mpaka kuphwa.

Nyumba adamanga ndi mitengo, nkufolera ndi masamba a mitengo yonga migwalangwa. Tsiku ndi tsiku ankabwerera ku chombo chosweka chija kukachotsa matabwa, zingwe, matanga, misomali ndi zipangizo zaumisiri. Somers adalima dimba nabzalamo mbeu za ku England monga anyezi ndi nsaŵaŵa. Mbeuzo zidamera msanga koma sizidabereke. Adazunguliranso zilumbazo pa bwato ndi kujambula mapu ake. Motero padakhala kamudzi. Belu likalira m'maŵa ndi madzulo, anthu ankasonkhana kupemphera ndi mbusa wawo, Richard Buck. M'mudzimo mudachitika ukwati umodzi, ndipo mudabadwa ana aŵiri. Wamkazi adamutcha Bermuda, wamwamuna Bermudas.

Ngakhale chakudya chinali chochuluka, atsogoleri sanaiŵale anthu a ku Jamestown amene ankadikira thandizo. Poyamba adakonza bwato lalikulu la chombo chija, nalikhomera denga ndi matanga, ndipo adatuma Henry Ravens ndi anzake ochepa kuti akanene za ngoziyo ku Virginia. Anzawo adasonkha moto pa chitunda kwa masabata ambiri kuti uŵalondolere pobwera, koma Ravens ndi anzakewo sadawonekenso. Apo mpamene onse adadziŵa kuti palibe wina wodzaŵapulumutsa. Anayenera kupanga okha zombo zatsopano.

Mmisiri wina dzina lake Richard Frobisher adayamba kupanga chombo pogwiritsa ntchito matabwa a Sea Venture ndi mitengo yonga mkungudza imene inali yambiri pazilumbapo. Somers adawona kuti chombo chimodzi sichikadakwana anthu onse. Choncho adatenga amuna ena napita nawo pa chilumba chachikulu kukapanga chachiŵiri. Zitsulo zinali zitatha, motero adalumikiza matabwa ndi zikhomo zamtengo, ndipo m'chombo chonsecho mudaloŵa chitsulo chimodzi chokha. Phula litaŵachepera, amisiriwo adatentha zigoba za nkhono ndi miyala kupanga laimu, namusakaniza ndi mafuta a akamba kuti amatire mipata. Somers, ngakhale anali wachikulire, ankagwira ntchito ndi manja ake kuyambira m'maŵa mpaka madzulo monga wina aliyense.

Vuto lalikulu silidachokere kunyanja koma m'mitima ya anthu. Ena ankati nkupusa kusiya dziko la chakudya chambiri ndi kupita kumene kuli njala ndi ntchito yakalavulagaga. Ankatinso ulamuliro wa kampani udatha tsiku limene chombo chidasweka. Kangapo konse magulu ena adagalukira atsogoleri nathaŵira kutchire. Stephen Hopkins adaŵeruzidwa kuti aphedwe, koma adamkhululukira atapepesa. Henry Paine, amene adamenya ndi kunyoza mkulu wa alonda, adawomberedwa. Amuna ena a m'gulu la Somers atathaŵa chifukwa cha mantha, iye adaŵanyengerera kuti abwerere ataŵalonjeza chikhululukiro, ndipo pafupifupi onse adabwerera. Adadziŵa kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti zombo sizikadatha anthu ali ogaŵikana.

Patatha miyezi yoposa isanu ndi inayi, zombo ziŵiri zija zidatha. Chachikulu adachitcha Deliverance, ndiye kuti chipulumutso, ndipo cha Somers adachitcha Patience, ndiye kuti kupirira. Adalongamo nyama ya nkhumba, nsomba ndi mbalame zothira mchere. Asananyamuke adaimika mtanda wopangidwa ndi matabwa a Sea Venture m'dimba la Somers kuti ukhale chikumbutso. Pa 10 Meyi 1610 adanyamuka, kusiya amuna aŵiri, Christopher Carter ndi Robert Waters, amene adabisala pachilumbapo.

Patapita masabata aŵiri adafika ku Jamestown, ndipo zimene adawona zidaŵamvetsa chisoni. Zombo zina zisanu ndi ziŵiri zinali zitafika chaka chathacho ndi anthu ambiri koma chakudya chochepa. Kunali chilala, ndiponso kunali nkhondo ndi eni dziko a mtundu wa Powhatan, amene sanakondwe ndi alendo olanda malo ndi chimanga chawo. Anthu mazana anali atafa ndi njala ndi matenda, ndipo m'mudzimo munatsala anthu pafupifupi 60 okha, owonda ndi ofooka. Chakudya chochokera ku Bermuda ndicho chidaŵatsitsimutsa. Popeza sichikadakhalitsa, atsogoleri adagwirizana zousiya mudziwo. Koma akutsika ndi mtsinje wa James adalandira uthenga wakuti Lord De La Warr wafika ndi zombo zina za chakudya, motero adabwerera.

Chakudya chatsopanocho sichinali chokwanira kufikira nyengo yokolola. Somers adadzipereka kuti abwerere ku Bermuda kukatenga nkhumba ndi nsomba. Adanyamuka m'mwezi wa Juni pa kachombo kake ka Patience. Mphepo ndi nkhungu zidamsokeretsa kwa nthaŵi yaitali, koma potsiriza adafika. Thupi lake linali litatopa ndi ntchito ndi maulendo, ndipo adadwala namwalira komweko pa 9 Novembala 1610, ali ndi zaka 56.

Mwana wa mbale wake, Matthew Somers, sadapite ku Virginia ndi chakudya chija. Adaika mtima wa malemuyo m'nthaka ya Bermuda, natenga thupi kupita nalo ku England, kumene lidaikidwa m'mudzi wa Whitchurch Canonicorum, pafupi ndi kwawo ku Lyme Regis. Amuna atatu adatsala pazilumbapo. M'chaka cha 1612 chombo chotchedwa Plough chidabwera ndi anthu pafupifupi 60 odzakhazikika, ndipo adamanga mzinda wa St George's. Kuyambira tsiku lija la ngozi mu 1609, ku Bermuda sikudasoŵenso anthu.

Kwa zaka zambiri Angerezi ankatchula zilumbazi kuti Somers Isles pokumbukira iye. Mu mzinda wa St George's muli munda wamaluŵa wotchedwa Somers Garden. Mbalame zija za cahow zidachepa kwambiri chifukwa anthu, makoswe ndi amphaka ankazidya, kotero kuti kwa zaka pafupifupi 300 anthu ankayesa kuti zidatha, mpaka pamene zisa zake zochepa zidapezeka mu 1951. Zotsala za chombo cha Sea Venture nazo zidapezeka pansi pa nyanja mu 1958, pakati pa matanthwe pomwe Somers adachikhazika.

Mafunso

1. Kodi George Somers adabadwira kuti, ndipo m'chaka chiti?
2. Nchifukwa chiyani zombo zisanu ndi zinayi zidatumizidwa ku Virginia?
3. Fotokozani zimene anthu adachita kuti chombo chisamire pa nthaŵi ya namondwe.
4. Nchifukwa chiyani amalinyero ankaopa zilumba za Bermuda?
5. Tchulani zakudya zinayi zimene opulumukawo adapeza pazilumbapo.
6. Kodi amisiri adachita chiyani zitsulo ndi phula zitaŵachepera?
7. Nchifukwa chiyani anthu ena sankafuna kuchoka ku Bermuda? Kodi inu mukadakhalapo mukadasankha kutsala kapena kupita? Perekani zifukwa.
8. Pangani ziganizo zanuzanu ndi mau aŵa: namondwe, amalinyero, kugalukira, kudzipereka, chikumbutso.