John Newton: Kulapa Kumene Kunachedwa Kubala Zipatso

John Newton anabadwira ku London m'chaka cha 1725. Mai wake, amene anali mkazi woopa Mulungu, anamphunzitsa Malembo akali mwana, koma anamwalira mu 1732. Atafika zaka 11 anayamba kuyenda panyanja pamodzi ndi atate wake, ndipo pang'onopang'ono anataya zonse zimene anaphunzira pa miyendo ya mai wake, nasanduka munthu wamwano ndi wonyoza dzina la Mulungu. Anagwidwa mokakamiza kukagwira ntchito m'chombo cha nkhondo chotchedwa Harwich, ndipo atayesa kuthawa anakwapulidwa pamaso pa anzake. Pambuyo pake anakakhala ku gombe la Sierra Leone, kutumikira mzungu wogula akapolo, kumene iye mwini anasungidwa ngati kapolo, wodwala ndi wanjala.

Mu Malichi 1748, ali pa ulendo wobwerera kwawo m'chombo chotchedwa Greyhound, namondwe woopsa anawapeza pa nyanja ya Atlantic, ndipo chombo chinatsala pang'ono kumira. Pamenepo Newton anafuulira kwa Mulungu kupempha chifundo, ndipo tsikulo analikumbukira chaka ndi chaka kufikira imfa yake.

Koma pano mpamene mbiri yake ifunika kuwerengedwa mofatsa. Munthu amene anapulumuka m'namondwe uja analeka kutukwana, nayamba kupemphera ndi kuwerenga Baibulo, koma sanaleke malonda a akapolo. Pakati pa 1750 ndi 1754 anayenda maulendo atatu monga mkulu wa chombo chonyamula anthu a ku Africa kukawagulitsa kutsidya kwa nyanja. Tsiku la Sabata ankasonkhanitsa amalinyero ake kuti apembedze pamwamba pa chombo, pamene pansi pa mapazi awo panali anthu omangidwa maunyolo. Chimene chinamchotsa panyanja mu 1754 chinali matenda, osati chikumbumtima.

Mu 1764 anadzozedwa ubusa mu mpingo wa Anglican, natumikira ku Olney zaka 16. Kumeneko, pamodzi ndi William Cowper, anatulutsa buku la nyimbo mu 1779, m'mene muli nyimbo yotchuka ya Amazing Grace. Mu 1780 anasamukira ku tchalitchi cha St Mary Woolnoth ku London. Mu 1785 William Wilberforce, phungu wachinyamata amene anali atangotembenuka mtima, anadza kudzafunsa nzeru, ndipo Newton anamlangiza kuti asatuluke m'Nyumba ya Malamulo, koma atumikire Mulungu momwemo.

Patapita zaka 34 chilekere malondawo, mu 1788, Newton analemba kabuku kovumbulutsa nkhanza zimene anaziona ndi kuzichita, navomereza poyera kuti kuulula kwakeko kunachedwa. Anachitiranso umboni pamaso pa akuluakulu a boma. Lamulo loletsa malonda a akapolo m'zombo za Britain linakhazikitsidwa mu Malichi 1807, ndipo iye anamwalira pa 21 Disembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 82, maso ake atachita khungu.

Moyo umenewu uli ndi chenjezo kwa abusa ndi akulu a mpingo. Nkwapafupi kudzudzula kuledzera ndi chigololo, pakuti machimo otere aliyense awaona. Koma tchimo limene malamulo a dziko alilola, limene lidyetsa banja ndi kupatsa munthu ulemu, likhoza kukhala mwamtendere mumtima wa munthu wopemphera zaka zambiri. Zakeyu anabweza zimene analanda tsiku lomwelo; Newton analibe njira yobwezera kwawo ngakhale mmodzi wa anthu amene anawagulitsa. Chimene chinamtsalira chinali kunena zoona podzichititsa yekha manyazi, ndipo pomaliza anachichita. Chisomo chimene chinampeza m'namondwe sichinamleke mpaka chitafika pa tchimo limene iye sanali kuliyesa tchimo.