Ba Paul Ngozi, mwana wa ku Chibolya

Tsiku lina m'basi ya ku Kanyama, mnyamata amene ninakhala naye pampando anali kuliza Noid ya Tyler, the Creator pafoni. Cinyanja cimene cili m'nyimbomo anali kucimva bwino, koma nitamufunsa mwini wa mawuwo na gitala yokalipa ija, anangokweza mapewa. Cinaniŵaŵa, cifukwa tinali kupita pafupi na Chibolya, komboni imene inalera munthuyo.

Ba Paul Ngozi, dzina lawo lenileni Paul Dobson Nyirongo, anabadwa mu 1949. Anaimbako na Musi-O-Tunya ku Nairobi, ndipo atabwerera anapanga Ngozi Family, ba Chrissy Zebby Tembo ali pa ng'oma. Day of Judgement inatuluka mu 1976, 45,000 Volts mu 1977. Mmenemo ndimo muli Nizakupanga Ngozi imene Tyler anatapako mu 2024.

Koma acikulire amene anawaona pasiteji sakamba maningi za marekodi. Akamba za gitala, mmene anali kuiliza na mano monga Jimi Hendrix, anthu n'kumakuwa. Phokoso linali la rock ya azungu, inde, koma nkhani zinali zathu za m'komboni, umphawi na makhalidwe a m'tauni. Kwa ine apa ndipo anapambanira anzawo.

Anamwalira mu 1989 ali na zaka 40 cabe. Manje ku Kabwata kuli msewu wa dzina lawo. Mnyamata uja anaseluka akali kufunafuna dzinalo pafoni, cenje yake anaiwala kwa kondakitala.