Friedrich Welwitsch ndi Chomera cha Masamba Awiri

Mphunzitsi mnzathu, m'gawo lino muwerenga mbiri ya Friedrich Welwitsch, katswiri wa zomera amene anachita kafukufuku ku Angola. Pamene mukuwerenga, mukhale ndi funso ili m'maganizo: munthu wochokera kutali akapeza chinthu chimene eni dera akhala akuchidziwa kuyambira kalekale, kodi dzina limene limalowa m'mabuku limakhala la ndani?

Welwitsch anabadwa m'chaka cha 1806 ku Maria Saal, m'chigawo cha Carinthia ku Austria. Bambo ake ankafuna kuti aphunzire zamalamulo, koma iye anasankha zaudokotala ku yunivesite ya Vienna chifukwa maphunzirowo ankamupatsa mpata wodziwa zomera. M'chaka cha 1839 anatumidwa kukatola zomera kuzilumba za m'nyanja ya Atlantic. Ulendowo unamufikitsa ku Lisbon, ndipo anakhazikika ku Portugal zaka zoposa khumi, akuyang'anira minda yosungiramo zomera zosiyanasiyana komanso kuphunzira Chipwitikizi.

Boma la Portugal, lomwe panthawiyo linkalamulira mbali zina za Angola, linafuna kudziwa mitengo, mankhwala ndi mbewu za m'dzikolo zomwe zikanalipindulitsa. Linatuma Welwitsch, ndipo iye anafika ku Luanda m'chaka cha 1853. Poyamba anafufuza m'mbali mwa nyanja. Kenaka analowa kumtunda, ku Golungo Alto, kumene anakhala pafupifupi zaka ziwiri m'nkhalango zowirira. Kumeneko anakumana ndi David Livingstone, yemwe anali paulendo wobwerera kuchoka ku Luanda, asanafike kudera la Shire. Welwitsch anapitirira mpaka ku Pungo Andongo. Maulendowa anamuwononga thanzi: anadwala malungo kawirikawiri ndipo anatuluka zilonda m'miyendo.

Mungafunse kuti kodi ntchito yakeyo inali yotani kwenikweni. Wofufuza zomera amathyola nthambi yokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso, n'kuipanikiza pakati pa mapepala mpaka iume. Akatero amalemba malo amene waipeza, tsiku, mtundu wa dothi, kutalika kwa chomeracho ndi maonekedwe amene adzatayika chikauma. Welwitsch ankalembanso mayina amene anthu a m'deralo ankatchula zomerazo ndi ntchito zake, monga zopangira mankhwala kapena matabwa. Zimenezi sakanazidziwa popanda kufunsa. Anthu omutsogolera njira, omunyamulira katundu ndi omumasulirira chinenero ndiwo anali maso ndi makutu ake.

M'chaka cha 1859 analunjika kumwera, kudzera ku Benguela mpaka ku Moçâmedes. Uku ndi kumpoto kwa chipululu cha Namib, chomwe chimatambalala m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Angola kudutsa Namibia yonse. Madzi a m'nyanja ya kumeneko ndi ozizira kwambiri, choncho mitambo ya mvula sipangika kawirikawiri. M'malo mwake, m'mawa kumabwera nkhungu yochokera kunyanja imene imanyowetsa miyala ndi mchenga dzuwa lisanakwere. Zaka zina mvula siigwa n'komwe.

Pafupi ndi Cabo Negro, kumwera kwa Moçâmedes, mu Seputembala chaka chomwecho, Welwitsch anaona chomera chimene sanachionepo m'buku lililonse. Pofotokoza za tsikulo, iye ananena kuti anangogwada pansi n'kuchiyang'anitsitsa, akuopa kuchikhudza poganiza kuti mwina akulota.

Yesani kuchijambula m'maganizo mwanu. Tsinde lake ndi lolimba ngati mtengo koma lalifupi, lotambalala ngati chitsa chodulidwira pansi, ndipo muzu wake umazama m'nthaka. Kupatula timasamba tiwiri ta pomera timene timafota msanga, chomerachi chimakhala ndi masamba awiri okha moyo wake wonse. Masambawo amakula kuchokera kutsinde osalekeza, pamene nsonga zake zimapsa ndi dzuwa. Mphepo imawang'amba m'litali mpaka kuoneka ngati mulu wa malamba opiringizana, moti wongodutsa angaganize kuti masamba alipo ambirimbiri. Sichichita maluwa. Mbewu zake zimabisala m'timipira ta mambamamba tonga timene mumaona pa mtengo wa paini, ndipo chomera chachimuna chimakhala pachokha, chachikazinso pachokha. Chimakhala zaka mazanamazana, ndipo akatswiri amati zina zaposa zaka 1,000.

Welwitsch analembera kalata akatswiri a ku Kew, ku London, kuwafotokozera zimene anaona. Anapempha kuti chomeracho chitchedwe Tumboa, kuchokera ku mawu oti tumbo amene anawamva kwa anthu a kumeneko. M'chaka cha 1861, wojambula zithunzi Thomas Baines anachionanso cha kumtsinje wa Swakop ku Namibia ndipo anatumiza chithunzi chake ku Kew. Joseph Hooker, yemwe anafalitsa kufotokoza kwathunthu kwa chomeracho m'chaka cha 1863, anasankha dzina loti Welwitschia mirabilis, kulemekeza Welwitsch. Liwu lachiwirilo ndi la Chilatini ndipo limatanthauza chodabwitsa. Motero dzina la mlendo ndilo linalowa m'mabuku a sayansi, ngakhale mlendoyo anali atasankha dzina la eni nthaka.

Atachoka m'chipululu, Welwitsch anakwera kumapiri a Huíla, ndipo anabwerera ku Lisbon m'chaka cha 1861 ali ndi mitundu ya zomera yokwana pafupifupi 5,000, kuphatikizapo tizilombo ndi nyama zambiri. Kuti azizindikire bwino, anafunika kuziyerekeza ndi zomwe zinasungidwa kale ku British Museum ndi ku Kew, choncho anasamukira ku London m'chaka cha 1863. Ntchitoyo inkayenda pang'onopang'ono. Boma la Portugal linatopa kudikira, linayamba kumukayikira, ndipo linasiya kumulipira. Iye anapitiriza kugwira ntchito ali wodwaladwala ndi wosauka, ndipo m'chaka cha 1869 anafalitsa Sertum Angolense, lofotokoza zina mwa zomera za ku Angola. Anamwalira ku London pa 20 Okutobala 1872 ndipo anaikidwa m'manda a Kensal Green.

Imfa yake sinathetse mkangano. Mu wilo yake anagawa zomera zake zouma ku malo osiyanasiyana a maphunziro, koma boma la Portugal linakasuma kukhothi ponena kuti zonsezo zinali zake chifukwa ndilo linalipira ulendowo. Pamapeto pake anagwirizana kuti gawo labwino koposa lipite ku Lisbon, lotsatira likhale ku British Museum. Onani kuti mkanganowo unali pakati pa Lisbon ndi London. Angola, kumene zomerazo zinamera, sinawerengedwe. Ndandanda yonse ya zomerazo inadzasindikizidwa pakati pa 1896 ndi 1901, mwini wake atagona kale zaka zoposa 20.

Mayina a eni dera sanafe. Aherero amachitcha chomeracho onyanga, ndipo olankhula Afrikaans amati tweeblaarkanniedood, kutanthauza masamba awiri osafa. Lero chomerachi chili pa chizindikiro cha dziko la Namibia. Dzina lililonse likunena kanthu kosiyana: la Chilatini likukumbutsa za munthu ndi kudabwa kwake, la Afrikaans likufotokoza maonekedwe ndi kupirira kwa chomeracho.

Apa ndi pamene mbiriyi ikukukhudzani inu ngati mphunzitsi wa chinenero. Ophunzira anu, kaya muli ku Chipata, ku Angónia, ku Dedza kapena ku Harare, amadziwa mayina a mitengo, udzu ndi tizilombo omwe mwina sali m'buku lililonse la kusukulu kwanu. Gogo akamwalira mdzukulu asanamve dzina la therere lakutchire kapena la mtengo wa mankhwala, dzinalo limapita naye limodzi ndi nzeru yake. Sabata ino, tumani ophunzira anu kuti aliyense akafunse munthu wamkulu za chomera chimodzi. Alembe dzina lake, kumene chimamera, nyengo imene chimabala ndi ntchito yake, monga ankachitira Welwitsch. Koma awonjezere mzere umodzi pansi pa zonsezo: dzina la munthu amene wawauza.